Paipi ya Pansanjika Yachitatu

Anafika Lachinayi, mvula ikuwaza,
magalimoto atatu, zingwe, makamera,
ndi mnyamata wa tsitsi lonyezimira, Corwin,
amene anandipatsa moni maso ali kudenga.
"Bambo Thackray, zimitsani magetsi onse."
Ndinazimitsa.
Zaka makumi awiri ndalondera fakitale yakale ya ubweyayi
m'chigwa chino cha ku Yorkshire,
sindinamvepo kuti akufa amadana ndi babu.

Koma mdima uli ndi msika.
Pa kanema nkhope zimasanduka zobiriwira,
maso ngati a mphaka wopezedwa pa mkaka,
ndipo aliyense amanong'ona
ngati mzukwa ndi khanda lovuta kugoneka.

"Ngati muli muno, gogodani kawiri."
Go. Go.
Mtsikana wa maikolofoni anakuwa,
Corwin anagwira pamtima.
Ine ndinayang'ana wotchi: wani koloko, nthawi yake.
Paipi ya pansanjika yachitatu imatero ikamazizira,
chiyambire chaka chomwe tinasintha thanki ya madzi otentha.
Ndinawauza. Anathokoza mwaulemu,
mawu angawo n'kuwadula ngati ulusi wolendewera.

Anali ndi kabokosi ka timagetsi tofiira
koti kamanunkhiza mizimu.
Kanaphethira pafupi ndi firiji yanga.
Kanaphethiranso pa thumba la wojambula, momwe munali foni.
Anali ndi wailesi yosakhazikika pa siteshoni,
phokoso lokhalokha,
m'menemo iwo anamvamo "tulukani."
Ine ndinamvamo zanyengo ya mawa ku Leeds.
Khutu lanjala silisankha chakudya.

Mayi wa mikanda yambiri, Perpetua, anatsinzina
nati akuona kamtsikana kovala zoyera,
dzina loyamba ndi M, kapena E, mwinanso S.
Mu ofesi mwanga muli buku lodyedwa ndi njenjete,
la mayina a ana amene ankakwawa pansi pa makina
kutola ubweya, makinawo akuyenda.
Hepzibah Ormerod, zaka zisanu ndi zinayi, zala zitatu.
Anamudula malipiro a tsikulo poti sanamalize ntchito.
Ndinati ndikalitenge bukulo.
"Nthawi, bambo," anatero Corwin,
"oonera safuna mbiri, amafuna kudzidzimuka."

Choncho ana amene anagwirira makobiri ali moyo
awalembanso ntchito ali m'manda,
ulendo uno ulere,
pakati pa malonda a sopo ndi a inshuwalansi ya galimoto.

Pulogalamu inatuluka mu Okutobala.
Paipi yanga anaibwereza kasanu, ndi ng'oma pansi pake.
Kunsi kwa nkhope yanga analemba kuti:
Mlonda amene akuopa kuulula.
Tsopano Loweruka lililonse kumadzaza anthu,
mapaundi makumi anayi pamutu,
eni fakitale afolera denga latsopano,
ndipo ndalandira kalata yondiletsa kukonza paipi ija.

Obwerawo sindiwaseka, ayi.
Ena amabwera ndi chithunzi m'thumba la jekete,
amachisisita pamene ena akukuwa.
Inenso Glenys atandisiya
ndinakhala m'khitchini miyezi itatu, wailesi yozima,
ndikuti gogoda, mkazi wanga, kamodzi kokha.
Munthu amene sankatha kusunga mawu m'kamwa
ngakhale pakati pa ulaliki!
Kukanakhala kampata, ngakhale ka singano,
bwenzi atandikalipira kale za makatani akudawa.
Koma zii.
Zii weniweni, wopanda nyimbo kumbuyo,
amene palibe kamera ingamupirire mphindi ziwiri.

Usiku wapakati pa sabata ndimakhala ndekha.
Ndimayatsa magetsi onse, nsanjika zinayi,
n'kutsegula buku lija pa tsamba lililonse
ndi kuwerenga dzina limodzi mokweza,
osapempha kanthu.
Wani koloko ikakwana, paipi imagogoda kawiri.
"Ndamva," ndimatero,
n'kuthira tiyi.